A Daka a Matayala Ankayenda Kumbuyo kwa Tonse

A Daka tinawaika m'manda mwezi wa Febuluwale, mvula ili mkati, chimanga chitangomasula. Anthu ambili amene anabwela ku malilo kwathu ku Kalindawalo anali atavala nsapato zodulidwa ndi malemuwo. Pochoka kumanda, matope onse anali ndi zidindo za matayala, ngati padutsa timalole tambilimbili. Ndinaima n'kumaziyang'ana. A Daka akanatha kutchula mwini wa phazi lililonse. Ine ndinazindikila awili okha, ndipo mwina ndinaphonya.

Anali mlimi wa thonje monga tonsefe, koma ntchito imene ankadziwika nayo inali yodula nsapato kuchokela ku matayala akutha. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa mseu ku Petauke, mpeni m'manja, nsangalabwi yonolela ili pafupi. Munthu akafuna nsapato sankamufunsa saizi. Ankamuuza kuti ayende apite apo, abwelenso, iwo akuyang'ana pansi, kenaka n'kuyamba kudula.

Ife a mu mpingo tinkawadziwa kwambili chifukwa cha ulendo. Chaka chilichonse mu Ogasiti, tikatha kukolola, timayenda wapansi kupita ku phili lina kuseli kwa Kacholola, kumene kuli mtanda ndi malo opemphelela. Ndi ulendo wa masiku atatu m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Lusaka. Tsiku lachiwili timagona ku Nyimba. Lachitatu ndilo lalitali ndi lowawa koposa, chifukwa mseu umayamba kukwela ndi kukhotakhota m'mapili. M'mawa mwake kumakhala Misa pamwamba pa phili, ndipo ndiyo imene aliyense amayendela.

Timayenda motsatana. Mtanda umakhala patsogolo, kenaka kwaya, kenaka ife amai, abambo pambuyo pathu. Lole ya katundu ndi madzi inkatsogola n'kukatidikila pamalo opumila. Wotsogolela ulendo anali a Mwanza, mphunzitsi wopuma ntchito, wenzulo ili pakhosi, wotchi ili padzanja. Pambuyo pa munthu womaliza pankakhala mpata wa mapazi ngati makumi awili, ndiye n'kubwela a Daka okha, kathumba kali paphewa, mutu uli pansi.

Kwa zaka zingapo ndinkaganiza kuti miyendo ndiyo inkawavuta, kapena kuti anali wonyanyala. Mtanda sanaunyamulepo ngakhale kamodzi, ngakhale abambo anzawo ankaulimbilana. Tsiku lina ndinatsala dala n'kuwafunsa.

“Bambo, kodi kutsogolo kuli amene munayambana naye?”

“Kutsogolo kuli chiyani, amake Limbani? Fumbi lakumeneko silinapondedwe. Taonani apa.”

Analoza pansi ndi ndodo. Ine ndinangoona fumbi losokonezeka. Iwo anandionetsa phazi la mai wina amene anali atasamutsila mwana kumanzele, la bambo wina amene bondo linali litayamba kutupa, ndi la mtsikana wa kwaya amene anali ndi kamwala m'nsapato koma akuchita manyazi kuima. Madzulo ndinafufuza mwakachetechete. Onse atatu zinali zoona.

Sindinganene kuti anali munthu wa mapemphelo ataliatali. Pa ulaliki ankawodzela, ndipo nyimbo ankaziimba mochedwa ndi mau amodzi, moti a kwaya ankawapempha kuti azikhala kutali. Koma Malemba ankawamvetsela mwanjila yawoyawo, ndipo mafunso awo ankatisowetsa pogwila. Atamva kuti anthu a Mulungu anayenda zaka makumi anai m'chipululu nsapato zawo osatha, sanagone bwino sabata yonse. Ankafuna kudziwa kuti chinali chikopa cha nyama yanji, anazisoka ndani, nanga ana amene mapazi awo ankakula zinkawathela bwanji. Atamva za mneneli uja amene anadziona wosayenela kumasula chingwe cha nsapato za Ambuye, anatsatila bambo mfumu mpaka pagalimoto kukafunsa kuti mfundo yake inkamangidwa bwanji. Ena ankaseka. Inenso ndinkaseka, koma ndikafika kunyumba ndinkatsegula pamalo pomwepo n'kupeza kuti ndakhala ndikuwelenga modumpha anthu enieni amene anali ndi mapazi.

Mkangano wawo ndi a Mwanza unali wakale kuposa ana athu. Unkabuka chaka chilichonse Lamulungu lomaliza ulendo usanayambe. A Daka ankapempha nthawi pa zolengeza, a Mwanza n'kuwapatsa mphindi imodzi, diso lili pa wotchi. Uthenga unali womwewo nthawi zonse: munthu asabwele ndi nsapato zatsopano. Ankati nsapato yatsopano sinadziwane ndi phazi, ndipo ziwili zosadziwana zikayenda ulendo wautali zimamenyana, wogonja n'kukhala phazi. Anthu ankang'ung'udza. Kwathu kuno munthu saonekela pamaso pa Mulungu ndi zakutha. Chitenje chimakhala chatsopano, mpango watsopano, ndiye nsapato zikhale zong'ambika? A Mwanza ankati mau amenewo amaphunzitsa anthu mphwayi. Ena ankati mkuluyo akungotsatsa malonda ake. Koma zoona zake n'zakuti mwezi wonse wa Julaye a Daka ankakana kugulitsa nsapato kwa aliyense wopita ku phili. Ankati za matayala nazo zimaluma zikakhala zatsopano.

Tsiku limene ndimawakumbukila nalo kwambili ndi lachitatu la ulendo wa zaka zinai zapitazo. Chaka chimenecho ine ndinapatsidwa thumba la mankhwala, choncho ndinkayenda chakumbuyo. Tinanyamuka ku Nyimba kusanache bwino, ogulitsa nthochi akungoyala kumene. Kunkazizila, kwaya inali ndi mphamvu, ndipo malole akamadutsa mphepo yake inkatikankhila kuudzu.

Dzuwa litakwela pang'ono ndinamva a Daka akundiitana.

“Amake Limbani, tabwelani. Tili ndi mlendo.”

“Mlendo uti, bambo? Palibe amene walowa.”

“Phazi ili kunalibe dzulo. Onani chidendene chake, m'mbali mwake mwakuthwa ngati njelwa. Nsapato iyi yatuluka m'pepala lelo lomwe.”

Tinayenda nalo phazilo. Patapita kanthawi lakumanja linayamba kupondela kunja. Kenaka chidendene chinasiya kuoneka, n'kumatsala zala zokha. A Daka ankangopukusa mutu. Ndinapita kutsogolo kukayang'ana m'mizele ya amai, koma zitenje zinali zofika pansi, ndipo aliyense anali kuimba nkhope ili gwa.

Tinamudziwa masana pamalo opumila, pamene lole inatidikila pansi pa mitengo. Anali amai Lungu a ku Msanzala, mai wamfupi wa imvi zoyamba kumene, amene ulendowu unali woyamba kwa iwo. Tchalitchi chawo n'chakutali ndi chathu, choncho mphindi imodzi ya a Daka ija sanaimvepo. Masiku awili oyamba anayenda ndi nsapato zawo zakale zansalu. Zatsopano, zachikopa chakuda, zimene anagula atagulitsa nsawa, anazisunga m'thumba kuti adzazivale tsiku lofika pamalo oyela. M'mawa umenewo anazivala, ndipo zakale zija anapatsa mai wina wosauka ku Nyimba ngati mphatso yachifundo. Pamene ankazivula pansi pa mtengo, masokosi anali atamatilila ndi magazi.

A Mwanza anangoyang'ana kamodzi.

“Amai, pepani, ulendo wanu wathela pano. Kwelani lole, mukatidikile ku Kacholola.”

“Sinikwela.”

“Si manyazi ai. Chaka chilichonse amakwela anthu.”

“Bambo, sinikwela. Nikakwela, mwana wanga afa.”

Anatifotokozela m'Chinsenga, mau ali pansipansi. Mwana wawo wamkazi, Esinati, anavutika pobeleka chaka chapitacho, anataya magazi ambili, ndipo anamwino anali atayamba kulankhula monong'ona. Amai Lungu anagwada pakhonde la chipatala n'kuwinda kuti Esinati akachila adzapita ku phili ndi mapazi awo. Esinati anachila, khanda nalo linakhala moyo. Tsopano mai uja anali wotsimikiza kuti akaponda m'galimoto, Mulungu adzatenganso zimene anapeleka.

Ine ndinagwada pafupi n'kuyamba kuwalimbikitsa. Ndinawauza kuti Atate wathu salanda mphatso, kuti amafuna chifundo kuposa nsembe, kuti amadziwa kuti ndife fumbi. Mau onsewo anali oona, ndipo ndimawakhulupililabe. Koma amai Lungu ankangovomela ndi mutu mwaulemu, manja akuyesa kubwezela phazi lotupa m'nsapato.

A Daka anakhala chonjuta chapatali pang'ono, n'kunusa fodya wawo wa mphuno. Atayetsemula anafunsa ngati munthu wongofuna kudziwa.

“Amai, pakhonde paja munamuuza chiyani kwenikweni? Mau ake enieni.”

“Ninati nizabwela ku phili na mapazi anga.”

“Tsiku munatchula?”

“Iyai.”

“Munati mudzafika pa Misa? Kapena pamodzi ndi a wenzulo awa?”

Amai Lungu anaganiza kanthawi. “Iyai. Ninati chabe nizabwela.”

“Nanga nsapato munazitchula?”

“Nsapato? Iyai.”

“Ndiye tazibweletsani kuno.”

Ndinawapatsila. Anazitembenuza uku ndi uku, anazinunkhiza, anatamanda chikopa chake. Kenaka anatulutsa mpeni n'kudula kumbuyo konse kwa nsapato yakumanja ngati akusenda chinangwa.

“Mayo, nsawa zanga!” anakuwa amai Lungu.

“Nsawa mudzalimanso. Phazi simudzalimanso.”

Amai amene anali pafupi anaseka, ena anatukwana chapansipansi kuti mkuluyu alibe ulemu ndi zinthu za eni. A Daka sanatukule mutu. Anadula kumbuyo kwa inayo, anatsegula mazenela pamene panali zala zotupa, anaboola m'mbali n'kulowetsamo malegeni a chubu cha njinga kuti zigwile pamwamba pa kakolo, pamene panalibe bala. Mapazi enieniwo sanawakhudze. A Daka sanagwilepo phazi la mkazi wa mwini moyo wawo wonse, ngakhale poyeza nsapato. Ankandilozela ndi nsonga ya mpeni ali chapatali: tsukani ndi madzi a mchele, ili musaliboole, ili liboole m'mbali, apa ikani thonje. Thonjelo linali la m'munda mwawo, lochotsedwa kale njele, losunga m'kachitini. Pamene ndinali kutsuka mapazi a mai amene sindinkamudziwa m'mawa womwewo, ndinakumbukila beseni ndi nsalu za m'chipinda chapamwamba chija, mmene Ambuye anasambitsila mapazi a ophunzila ake.

A Mwanza anali ataimilila pamenepo, wenzulo ili m'manja.

“A Daka, ine ndili ndi khamu la anthu pamseu wa malole. Mdima usanagwe akhale atafika. Sindingadikile munthu mmodzi.”

“Ndani wakupemphani kudikila? Lizani kanthu kanuko.”

“Inu ndi mtima wanu wodwalawo, mukakagwa m'mapilimo, ndikawauza chiyani bambo mfumu?”

“Mukawauze ola lake. Wotchi muli nayo.”

A Mwanza sanali kulakwa, ndipo a Daka ankadziwa zimenezo. Wenzulo inalila, mtanda unanyamuka, lole inatisiyila chigubu cha madzi n'kupita. Ine ndinauzidwa kutsala chifukwa cha thumba la mankhwala, ndiponso chifukwa sikukanakhala koyenela kuti bambo ayende yekha ndi mai m'thengo. Ndiulule pano kuti mtima wanga unawawa. Misa ya pa phili ndinali nditaidikila chaka chathunthu.

Nyimbo zinamveka kwa kanthawi, kenaka zinkangobwela ndi mphepo pa zikweza, kenaka zii. Tinatsala atatu ndi mseu. Amai Lungu ankayenda timapazi tating'ono ngati mwana wophunzila kuyenda, kolona ili m'manja. Mapili anali akuda ndi lupsa, utsi uli tolotolo m'zigwa. Tinadutsa matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa mseu opanda mwini pafupi, ndi amai ogulitsa masau amene anatipatsa odzaza manja osafuna kanthu. Malole akamatsika ankalila ngati ng'ombe zomangidwa.

A Daka sanasiye malo awo. Ngakhale tinali atatu okha, ankayenda kumbuyo kwathu, ndipo mafunso ankachokela komweko. Anafunsa za dothi la ku Msanzala, ngati nsawa zimachita bwino pa mchenga kapena pa katondo. Anafunsa dzina la mdzukulu, mano angati amela, ngati wayamba kuima, ndipo akaima amapondela mkati kapena kunja. Amai Lungu ankayankha mwachidule poyamba, kenaka anayamba kutalikitsa, mpaka anaseka pofotokoza mmene mwanayo amalumila agogo ake aamuna. Ndinaona kuti akamalankhula za mwanayo mapazi ankatalika. A Daka akaona chidendene chayambanso kuthawa pansi ankangoti, “Tiime, ndatopa ine,” ndipo tinkakhala pamthunzi n'kusintha thonje.

Penapake anatola chidutswa cha tayala lophulika, n'kuchiyang'ana mwachisoni. Anatiuza kuti matayala a masiku ano ali ndi mawaya m'kati, amaononga mpeni ndipo salola kupindika, pamene akale anali a ulusi okhaokha. Ankafuna kudziwa kuti amene anaganiza zoikamo waya anali ndi chifukwa chanji, ndiponso ngati anaganizilapo za anthu amene adzavale tayalalo likadzatha.

Dzuwa litapendeka inatipeza ngolo ya ng'ombe yochokela ku chigayo. Mwini wake, bambo wa ndevu, anaima n'kutiuza kuti tikwele, akupita mbali yomweyo. Amai Lungu anaiyang'ana ngoloyo nthawi yaitali. Milomo yawo inali itauma, thukuta litalemba mizele m'fumbi la kumaso.

“Nanga iyi ndi galimoto?” anafunsa a Daka, ndipo ndikhulupilila ankafunadi kudziwa. “Ng'ombezi zikuyenda ndi mapazi.”

“Ni mapazi a ng'ombe, bambo. Si anga.”

“Mwayankha bwino. Pitani, achimwene, zikomo.”

Tsiku limenelo sitinafike. Dzuwa lisanalowe a Daka anapatukila pamudzi wina n'kupempha malo, ndipo anatilandila anthu a mpingo wina, amene anatipatsa madzi ofunda ndi mphasa osafunsa zambili. M'mawa mwake, nthawi imene Misa inali kuyamba pa phili, ife tinali tikadali pamseu. Tinafika dzuwa lili pamutu, anthu akutsika, ena atakwela kale lole yobwelela. Patsinde pa phili tinapeza a Mwanza atakhala pamwala. Anali ataletsa dalaivala kunyamuka, ndipo mtanda wa paulendo anali asanaupakile.

“Mwachedwa,” anatelo.

“Ife tafika nthawi yathu,” anayankha a Daka. “Mwatisungila madzi?”

A Mwanza anatulutsa botolo, ndiponso nthochi zitatu zimene anali atakulunga m'mpango.

Ndinakwela ndi amai Lungu, tili awili. Pamiyala ankakwawa ndi manja. Pamwamba panalibe munthu, panali makandulo otha ndi udzu wopondedwa. Anagwada patsogolo pa mtanda n'kunena mokweza, monga munthu amauzila mnzake pakhomo, “Nabwela. Nili pano.” Anagona chammbali pamwala wofunda, ndipo posakhalitsa anali m'tulo. Ndinakhala pambali pawo ndikuwaingila ntchentche kumapazi, ndipo Misa imene ndinaphonya sindinaikumbukenso.

A Daka sanakwele. Tinawapeza pansi akukangana ndi a Mwanza za mtunda umene tinayenda m'mawawo. Pobwelela m'lole ndinawafunsa chimene chinkandivuta.

“Bambo, inu munakhulupilila kuti akakwela galimoto Esinati amwalila?”

Anati za mumtima mwa Mulungu iwo sadziwa, zimenezo n'za ansembe ndi anthu owelenga ngati ine. Chimene ankadziwa n'chakuti mai uja akanakwela lole, moyo wake wonse akanamadzidzimuka mwana wake akangotsokomola. Kenaka anandifunsa ngati ndinaona mmene legeni lakumanzele linagwilila, chifukwa anali atayesa mfundo yatsopano.

Pa malilo awo a Mwanza analankhula m'malo mwa mpingo, ndipo sanayang'ane wotchi. Ndi pamene ambili tinamva koyamba kuti pa maulendo onse amene a Daka anayenda, Misa ya pa phili anaimva katatu kokha. Pafupifupi chaka chilichonse pankakhala wina wotsala, ndipo ife a kutsogolo tinkangoona kuti tafika tonse pomaliza, osafunsa kuti zatheka bwanji. Amai Lungu anabwela kuchokela ku Msanzala pa njinga, Esinati atawakweza. Anakhala ndi amai ena m'nyumba ya malilo masiku onse awili.

Ogasiti wapitayu tinayendanso. A Mwanza, poopa kuti wina angatsale osaonedwa, analamula kuti lole iziyenda pambuyo pathu pang'onopang'ono, magetsi ake akuthwanima. Ndi nzelu yabwino, ndipo palibe amene anasowa. Tsiku lachitatu, titapitilila Nyimba, mtsikana wina wa mpango woyela anakhala pansi m'mbali mwa mseu. Abambo awili anamunyamula mwachifundo n'kumukweza. Iye anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kumalila mopanda mau, kulila kopitilila ululu wa matuza. Thumba la mankhwala linali ndi ine. Ndinakwela, ndinamutsuka, ndinamumanga bwinobwino, ndinamuuza kuti Mulungu waona khama lake. Sindinamufunse chimene analonjeza. Ndinazindikila zimenezi nditatsika kale, lole itayambanso kuyenda, ndipo mpaka lelo sindidziwa.

Dalaivala amasiya mpata pakati pa munthu womaliza ndi galimoto, kuopa kugunda wina. Ndi mpata wa mapazi ngati makumi awili. Masana onse aja ndinkatembenuka kuuyang'ana. Munali fumbi lopondedwa ndi anthu onse a mpingo, dzuwa likuwalapo, phazi lililonse likuoneka bwinobwino kwa kamphindi, popanda wowelamila pansi. Kenaka lole inkafika n'kupondapo.